Fupa la Mbuzi Pakhosi pa Amayi

Bukulo abambo anagula kwa anyamata oyala mabuku akale pansi pafupi ndi depoti, chaka chomwe anawamana ukalaliki. Anali mesenjala mu ofesi ina m'tauni, ndipo mpandowo anaupatsa mnyamata wadzulodzulo, ati chifukwa Chizungu chake chinali chowongoka. Anafika kunyumba kwathu ku Biwi atanyamula mkwiyo ndi buku la galamala lopanda chikuto, ndipo ziwiri zonsezo zinatigwera ife.

Lamulo linali lakuti Chichewa chizithera pakhonde. Anabwereka mwambo wa kusukulu kwathu: fupa la mbuzi loboola, lomangidwa pachingwe. Wogwidwa akulankhula Chichewa m'nyumba ankalivala pakhosi mpaka atagwira mnzake, ndipo amene lamugonera ankamwa tiyi wopanda shuga. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi tinkakhala pamphasa, ine ndi mchimwene wanga, kuloweza ziganizo za m'bukumo, abambo ali pampando ndi kandodo. Anzathu ankakhala akumenya mpira wachikulunga kuseri kwa nyumba yathu yomweyo.

Amayi sukulu analekeza Sitandade 3. Anali ndi benchi ya tomato ndi bonya mumsika wa ku Kawale, ndipo pakamwa pawo sipankauma nthabwala. Munthu wobwera kudzangofunsa mtengo ankachoka atagula mulu, akupukuta misozi ya kuseka. Poyamba lamulolo silinkawakhudza. Koma tinali ndi mzime wathu, kamtsikana kongoyamba kumene kulankhula, ndipo abambo atakamva kakutengera mawu a amayi, anati mwana akuwonongeka. Tsiku lomwelo fupa linakwera pakhosi pa amayi.

Anaseka. “Bambo a ana, mwandisandutsa mbuzi yanu? Ndiye muzindimwetera udzu.”

Abambo sanaseke. Anawakhazika pamphasa pamodzi ndi ife, mayi wa ana atatu, kuwabwerezetsa moni. Abambo akati “How are you?” amayi ankayenera kuyankha “I am fine, thank you.” Chiganizo chimenecho anachigwira, pamodzi ndi cha kuitanira anthu chakudya. Kenaka anatulukira nzeru yomwe ife sitinaiganize: wosalankhula savala fupa. Anayamba kuloza ndi chala, kugwedeza mutu, kutsokomola akafuna kuti wina atembenuke. M'nyumba munangoti zii, abambo n'kumati zinthu zayamba kuyenda.

Ine mawu a amayi ndinkawapeza Loweruka, ndikapita kukawathandiza kumsika. Mzime uja kumsika sankaloledwa. Abambo anamulembetsa kusukulu ya pulayiveti, ndipo kusewera ndi ana a m'njira kunali koletsedwa. Chichewa ankachimva patalipatali, koma kuyankha ankayankha m'Chizungu. Amayi ankamusambitsa, kumuluka tsitsi, kumukhazika pamwendo, onse ali chete ngati anthu ongokumana m'minibasi.

Ndili Fomu 3 ndinalemba chimangirizo chodzaza ndi ziganizo za m'buku la abambo, ndili ndi matama onse. Aphunzitsi anachiwerenga mokweza kalasi yonse ikufa ndi phwete. Atatha anandiuza, mosanyoza kwenikweni, kuti chilankhulo chimasintha monga amasinthira masokedwe a mathalauza, ndipo Chizungu changacho eni ake anachitaya kale agogo anga ali anyamata. Ndinayenda wapansi mpaka ku Biwi mtima ukuwira. Kani amayi tinawatseka pakamwa chifukwa cha Chizungu choti chinafa kale! Nditawauza abambo, anati mphunzitsiyo ndi mbuli. Ukalaliki uja abambo sanaupeze mpaka anapuma pantchito.

Amayi anadwala chaka chomwe ndinkalemba mayeso a Fomu 4. Ine ndi amene ndinkawadikirira kuchipatala, ndipo kumeneko pakamwa pawo panatsekukanso. Ankandiuza pomwe pakupweteka, woti ndimusiyire benchi, ankaseka ngakhale anamwino. Tsiku lina m'mawa anandigwira dzanja.

“Uwauze abambo ako abwere naye mwana uja. Ndili naye mawu. Sindinamuuzepo kanthu chibadwire.”

Anabwera nthawi yoonera odwala, masana, mwana ali mu yunifolomu yake yosita bwino. Abambo anamukankhira kutsogolo kuti apereke moni. Iye anaima chapatali ndi bedi, manja kumbuyo monga anamuphunzitsira.

“How are you, Mummy?”

Ndinaona amayi akutsegula pakamwa. Anayang'ana mwana, kenaka anayang'ana abambo, ndipo dzanja lawo linapita lokha pakhosi, pomwe pankakhala chingwe chija.

“I am fine, thank you,” anatero.

Abambo anagwedeza mutu mokhutira. Belu litalira anatuluka ndi mwana, ndipo sabata isanathe tinali pamaliro.

Sindinawakhululukire abambo, ndipo sindinama kuti ndinayesa. Mzime uja pano ndi mayi wa ana ake. Chichewa anachiphunzira ali wamkulu, kwa azimayi ogulitsa masamba, ndipo amachilankhula mokoka ngati mlendo. Nthawi iliyonse tikakumana amandifunsa funso limodzimodzi, loti amayi ankafuna kumuuza chiyani tsiku lija. Amaganiza kuti ndikumubisira. Ine sindidziwa, chifukwa mawuwo sanali anga, amayi anasungira iyeyo.