Mayi wa M'foni ndi Masamba a ku Kawale

Ndinanyamuka kunyumba kwanga ku Nsungwi nthawi ili 6 koloko m'mawa, nditavala chitenje ndi nsapato zothamangira, mtima uli m'mwamba. Chifukwa cha BP, dokotala anandilamula kuti ndiziyenda ndawala mphindi makumi atatu osaima, mtima ukugunda pakati pa 110 ndi 125 pa mphindi. Mwana wanga Tadala anandimanga kalamba konga wotchi pamkono, nandiikira m'foni pulogalamu yowerenga kugundako. Dokotalayo ananenetsa kuti ndikapanda kumuonetsa masiku asanu ndi awiri otsatizana, andiwonjezera mapiritsi, chinthu chimene sindinkachifuna mpang'ono pomwe. Ili linali tsiku lotsiriza.

Munthu amene anakhalapo mphunzitsi wamkulu sangaponye mikono pamaso pa ana amene anawaphunzitsa, choncho ndinkakayendera kumene sindidziwika. Minibasi yopita m'tauni ndinalipira K2,000, ya ku Biwi K1,000. Kondakitala anati, "Amayi, sunthani pang'ono, mpandowu ndi wa anayi." Ndinamuuza kuti amene anaupanga anawerenga atatu. Foni inaonetsa 104 ndisanayambe n'komwe kuyenda.

Hafu pasiti seveni ndinatsika pa Biwi, ndinadina poyambira pafoni, n'kulunjika ku Area 23. Wakabaza wina ananditsatira.

"Mayi, tiyeni! Mukuthawa ndani?"

"Sindikuthawa munthu, bambo."

"Nanga liwiroli? Mwasiya ndiwo pamoto?"

Ndinangopitirira, pakuti mpweya ndinali nawo ndi ntchito. Ndinadutsa ziwaya za tchipisi ndi mabeseni a mandasi maso ali pafoni: 118, 121, kenako 119.

Pa mphindi ya makumi awiri ndi zinayi, ndili mkati mwa Kawale, ndinaona nthambi zamasamba zitagonekedwa pamsewu. Panali maliro. Apanjinga anali atatsika, abambo zipewa zili m'manja, amayi akuimba chapansipansi. Zinanditsalira mphindi zisanu ndi imodzi zokha. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kanjira kolambalala, koma kunali mipanda yokhayokha. Ndinachepetsa liwiro monga ayenera kuchitira munthu woleredwa.

Apa m'pamene mayi amene amalankhula m'pulogalamumo anafuula m'Chingerezi kuti mtima wanga watsika, ndiwonjezere liwiro. Anabwerezanso, mokondwa ngati ali paukwati. Nyimbo inadukiza, mitu yonse n'kutembenukira kwa ine.

Bambo wina wachikulire, amene anakhala pabenchi m'mbali mwa msewu, anati, "Amayi, mzungu wanuyo muuzeni kuti pano pagwa zovuta."

"Kapena kwawoko anthu samwalira," anatero mnzawo.

Chiyambire kukula kwanga sindinachitepo manyazi otero. Ndinazimitsa foniyo ndikudziwa bwino lomwe kuti mphindi zanga zonse zapita. Kungodutsa nditachita zimenezo kukanakhala chipongwe chachiwiri, choncho ndinakonza chitenje, n'kukakhala pansi pamodzi ndi amayi.

"Pepani ndi zovutazi," ndinatero kwa mayi amene ndinayandikana naye.

"Zikomo. Ndinu achibale?"

"Ayi, ndine wapanjira."

Anayang'ana nsapato zanga, kenako kalamba kaja. "Mwachita ulemu. Komatu wotchi yanuyi ilibe mivi."

Ndinaimba nawo nyimbo ziwiri, miyendo ikundinyerenyetsa, maso akuthawira kudzuwa limene linali kukwera.

Cha m'ma 9 koloko ndinatsanzika. Nditadutsa masamba a mbali inayo, ndinayendabe pang'onopang'ono mpaka nyimbo inaleka kumveka, ndipo ndinayatsa foni, n'kuyambiranso pa ziro. Dzuwa linali litakwiya, fumbi lili m'mano. Ndinafika pamsika wa Area 23 kutatsala mphindi zitatu, moti ndinazungulira mabenchi a tomato kawiri, ogulitsa akundiitana ulendo uliwonse ngati sanandionepo. Tsiku lachisanu ndi chiwiri linalembedwa. Ndinagula nthochi ziwiri ndi botolo la madzi, ndinadya nditaimirira, khalidwe limene ndinkaletsa ana asukulu.

Chida chimenechi chimawerenga mtima molondola, ndipo ndikulimbikitsa anzanga a BP kuti achigwiritse ntchito. Koma masamba a pamsewu sichiwadziwa. Madzulo ndinauza Tadala kuti amutseke pakamwa mayi wa m'foniyo kufikira ataphunzira mwambo.