Foni Imene Inandithyoletsa Mkono

M'zaka zimenezo ndinali mlembi wa kalabu ya alimi a fodya m'mudzi mwathu, kufupi ndi Chamama. Anandisankha chifukwa ndinafikako ku sekondale, komanso ndinali ndi foni ya tachi. Inali ya mtundu wamba, ija imene pafupifupi aliyense ali nayo, yolowa makhadi awiri ndi memore khadi. Galasi lake linali long'aluka pakona, koma inkagwira ntchito.

Makuponi a mapepala anali atatha. Feteleza wotsika mtengo tinkagula ndi chiphaso cha unzika: ukafika pa depoti ankachiunika ndi foni, dzina lako likatuluka n'kugula matumba ako. Pa nthawi yolemba mayina, anzanga a m'kalabu anandipatsa ziphaso zawo kuti ndikaonetse kwa olemba. Ndinajambula chiphaso chilichonse, ndinajambulanso pepala limene olembawo anasainira kuti alandira mayina onse. Kenako ziphasozo ndinabweza kwa eni ake.

Mu Okutobala mphwanga anabwera kuchokera ku Joni. Anandipeza kudambo ndikuthirira nazale, foni ili pachitsa ikuimba nyimbo za kwaya.

"Achimwene, mukadali ndi chigubu chimenechi?" anatero akuseka.

Anatulutsa yake, yopyapyala, yolemera m'manja, kumbuyo kuli chithunzi cha chipatso cholumidwa. Anati imeneyo siima-ima ukatsegula zinthu zambiri, ndipo wakuba akaiba sangaitsegule. Anandijambula nayo ndili ndi kheni m'manja, ndipo thukuta la pamphumi panga linkaoneka dontho lililonse.

"Nanga memore khadi imalowa pati?" ndinamufunsa.

"Siifuna zimenezo."

"Makhadi awiri?"

"Limodzi basi."

"Ndiye ndi foni yanji yosalowa kanthu?"

Tinakangana mpaka kumaliza mabedi onse. Iye ankati yanga ndi ngolo, yake ndi galimoto. Ine ndinkati ngolo imafika kumunda, galimoto imatitimira pa dambo. Koma mumtima ndinali nditaikonda kale. Tsiku lobwerera anandisiyira, akuti iye agula ina.

Ndinapita nazo zonse ziwiri ku Boma, kwa bambo wina wokonza mafoni mumsika. Anazitembenuzatembenuza n'kunena kuti, "Akulu, awa ndi mafuko awiri osamvana chilankhulo. Manambala ndikusamutsirani pompano. Koma zithunzi ndi nyimbo zifuna bandulo yaikulu ndi netiweki yabwino, mukhala pano mpaka madzulo." Minibasi ya ku Chamama inali ikudzadza. Ndinamuuza kuti asamutse manambala okha. Foni yakale ndinapatsa mayi a kunyumba, memore khadi ili momwemo, poti mu yatsopano munalibe poilowetsa.

Masabata oyamba inandivuta. Chala changa chinkafunafuna batani lobwerera kumbuyo, osalipeza. Pa golosale pamene tinkatchajitsa mafoni pa sola panalibe chingwe cholowa, ndinkachita kunyamula changa m'thumba ngati mankhwala. Ndiye panali neba wanga, munthu amene tinakulira limodzi, tinawetera limodzi mbuzi. Kale ndinkamutumizira nyimbo tikangogundanitsa mafoni. Tsiku lina anandipempha, tinayesa, mafoniwo osaonana.

"Aneba, ikukana," ndinatero.

"Ikukana foni kapena mukukana ndinu?" Anaseka, koma maso ake sanaseke. "Akuti imeneyi mtengo wake ndi ngolo ndi ng'ombe zake. Ulembi ukukoma."

Ndinamuuza kuti ndi mphatso ya mphwanga. Anangogwedeza mutu. Ine ndinapitiriza kuitulutsa pamaliro, kutchalitchi, pamsonkhano wa kalabu. Ndinkanyada nayo, sindingakane.

Feteleza anafika mu Novembala, mitambo itayamba kale kusonkhana. Tinakhala masiku atatu pamzere, netiweki ikubwera n'kuthawa. Anthu anali atatopa, ena akomoka ndi dzuwa, mavenda akuzungulira chapatali ndi njinga zamoto. Tsiku lachitatu chakumasana mzere unayamba kuyenda. Ine ndinali kutsogolo. Chiphaso changa anachiunika, dzina linatuluka, ndinatulutsa matumba anga awiri n'kuwatsamiritsa pakhoma.

Pambuyo panga panali mayi wina wamasiye wa m'kalabu mwathu. Kalaliki anayang'ana foni yake n'kunena kuti, "Amayi, pano zikuonetsa kuti munagula kale." Mayiwo anagwira pakamwa. Wotsatira anali neba wanga. Chimodzimodzi. Wina, chimodzimodzi. Winanso anauzidwa kuti dzina lake palibiretu.

"Alembi ali kuti?" wina anakuwa. "Ziphaso zathu tinapatsa alembi!"

Ndinapita ndekha, mtima uli m'malo, podziwa kuti umboni ndili nawo. Ndinatulutsa foni. Anthu anandizungulira, mitu ili pamapewa anga. Ndinatsegula zithunzi. Munali ana anga, mbuzi, nazale, ine ndi kheni m'manja. Ndinatsetsereza chala m'mwamba, pansi, m'mwambanso. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira mawu a wokonza mafoni uja.

"Zili mu foni inayo," ndinatero. "Dikirani, zili mu yakale ija."

"Yakale!" anatero neba wanga. "Nanga yatsopanoyi munagula ndi chiyani? Ndi mayina athu!"

Khofi lake linagwera pa khutu lakumanzere. Ndinamva ngati m'mutu mwaphulika chubu, kenako kulira kosalekeza ngati kwa nyenje. Foni inagwa. Ndinawerama kuti nditole, ndipo kuwerama kumeneko ndiko kunandipereka. Wina anandiponda kumsana, ndinagwa chafufumimba, fumbi linadzadza m'kamwa. Nsapato, zidendene, mapampu a njinga. Ndinkamva mawu a anthu amene ndinkawadziwa, ena oimba nawo kwaya, koma ambiri anali achilendo, a midzi ina, osadziwa n'komwe chimene ndalakwa. Iwo anangomva kuti wagwidwa wogulitsa mayina, ndipo mkwiyo wa masiku atatu unapeza pogwera.

Ndinaphimba mutu ndi mkono wamanja. Chidutswa cha njerwa chinatsika pamenepo, kachiwiri pomwepo, ndipo ndinamva fupa likuthyoka ngati phesi louma. Dzanja linangolendewera. China chinandipeza pakamwa, ndinalavula magazi ndi mano awiri. Ndinaona mwendo wa munthu ukupondaponda foni ija mpaka galasi linasanduka mchenga.

"Tayala! Bweretsani tayala!"

"Petulo ali m'njingamo, tsopani!"

Mawu amenewo ndinawamva bwinobwino ndi khutu limene linatsala. Ndinayesa kudzuka, miyendo inakana. Fungo la petulo linandifika.

Mayi a kunyumba tsiku limenelo ankagulitsa zitumbuwa kuseri kwa depoti. Atamva phokoso anabwera kudzaonerera ngati wina aliyense, mpaka anazindikira malaya anga. Anataya beseni, anang'amba gulu lija ndi zigongono, n'kudzigwetsa pamwamba panga. Ndodo imene inkabwera kwa ine inawatema pamphumi. Magazi awo anandidonthera m'khosi.

"Mutiotche tonse!" anakuwa. "Inu aneba, yambani ndinu, machesi ndikupatsani ndine! Zithunzi zanuzo zili muno!"

Anamasula mfundo ya chitenje ndi mano n'kutulutsa foni yakale ija, anaikweza m'mwamba. Anthu anazengereza pang'ono, poti kumenya mayi amene akukha magazi kumaso kunawachititsa manyazi ena. Mlonda wa depoti ndi kalaliki uja anapezerapo mpata, anatikokera m'kati n'kutseka chitseko chachitsulo. Miyala inayamba kugwa padenga.

Ndili chigonere pa matumba, ndinauza mayi a kunyumba poti atsegule. Zinalimo zonse, mu memore khadi. Kalaliki anaima pawindo la mawaya, anayamba kuwerenga mokweza dzina lililonse la pa pepala losainidwa lija, akuonetsa chithunzicho kwa amene anali pafupi. Dzina la mayi wamasiye linalipo. La neba wanga linalipo. La amene anauzidwa kuti palibiretu linalipo. Miyala inayamba kuchepa. Pepalalo silinanene amene anagula feteleza wawo, linangoonetsa kuti ine ndinapereka mayina onse. Ena anakhutira, ena anapita akung'ung'udza kuti mlembi ndi mlembi basi. Apolisi atafika anapeza tayala lili pakhomo, lonyowa.

Kuchipatala ku Boma anati mkono wathyoka pawiri. Khutu lakumanzere silinabwererenso, mpaka lero munthu akandilankhula mbali imeneyo ndimachita kutembenuka. Mayi a kunyumba anawasoka pamphumi. Matumba anga awiri aja anasowa m'chipwirikiti.

Mphwanga anaimba pa foni ya mlamu wake. Atamva zonse anati zinthu za mu foni yoswekayo sizinatayike, zimasungidwa kwinakwake m'mwamba, ndikagula ina ya mtundu womwewo zibwerera. Ndinamuuza kuti asavutike, munali zithunzi za mbuzi basi. Nditachira ndinagula ina ya mtundu wakale uja, yotchipa, ndipo mayi a kunyumba anakana kubweza yawo.

Apolisi atandifunsa amene anayamba, ndinatchula neba wanga. Anamusunga masiku angapo. Mkazi wake anabwera kunyumba, anagwada pakhonde kuyambira m'mawa, osalankhula zambiri, akungoti, "Ana, bambo, ana." Mayi a kunyumba sanafune n'komwe kumuyang'ana. Ine ndinakathetsa mlanduwo, osati chifukwa ndinakhululuka, koma ndinatopa ndi kukwera minibasi ndi mkono wa pulasitala. Ulembi ndinausiya sabata yomweyo. Amene anagula feteleza wa anthu aja sitinamudziwe.

Mvula inagwa ine ndisanathe kugwira khasu. Mayi a kunyumba anaoka fodya ndi alongo awo, theka la munda lokha, mbande zina zinakalambira pa nazale. Chimanga cha neba wanga chinali chachikasu, chofika m'chiuno.

Tinali ndi chigafa chimodzi chimene tinamangira limodzi pamalire a minda yathu, chopachikamo fodya wa mabanja onse awiri. Fodya asanayambe kupsa, ndinatuma uthenga kuti abwere tidzagawane. Anabwera ndi nkhwangwa. Tinasasula udzu, tinazula mitengo, wina uku wina uku, popanda kukangana ngakhale pa phaso limodzi. Mzati wapakati unali wolemera, ndipo ndi dzanja limodzi sindikanautha. Anausenza yekha, anakautula pakhomo panga, n'kubwerera kukatenga mitengo yake.