Chitseko Changa Pamsonkhano wa Akazembe

Ndikulota mkulu watsopano wa bungwe loona za othawa kwawo atafika kukampu kwathu. Wakhala pansi ndi akazembe atatu, ndipo tebulo lawo ndi chitseko cha nyumba yanga, loko akulendewerabe. Akangogwirana chanza, mpanda wa waya wa m'malire ukusendera wokha. Wadutsa pampopi, wadutsa patchalitchi, tsopano wadutsa pakati pa ine ndi mwana wanga Neema, amene wasenza chigubu cha madzi.

"Bwana, mwana wanga watsala tsidya linalo!" ndikukuwa.

"Mayi, zokambirana zikuyenda bwino kwambiri," akuyankha mwaulemu mkulu uja, uku akupukuta magalasi. Kenako akutambasulanso dzanja kwa akazembe aja.

Ndadzuka. Neema ali m'tulo pambali panga, koma ndamugwira mwendo, ndipo sindikumusiya.