Mayi Consolata a pa Kamwendo, Amene Anapereka Mkono Wawo

Ambiri a inu amene mukuwerenga kalata ino ya parishi munamwapo phala la Mayi Consolata Mbewe. Ena munalimwa muli chigonere ndi malungo, ena muli m'chikuta, ena mutangotuluka m'chipatala opanda ndi mphamvu zomwe zonyamulira supuni. Tikulemba za moyo wawo kuti tithokoze Mulungu amene anatibwereka mayi ameneyu kwa zaka zonsezi.

Mayi Consolata anabadwira m'dera la mfumu yaikulu Zulu, m'banja la alimi a mtedza ndi fodya, ndipo anali mwana wachisamba. Sukulu sanapite nayo patali. Mayi awo atadwala chifuwa chachikulu, iwo anasiya sukulu kuti aziwasamalira ndi kulera azing'ono awo. Ndi m'nyumba imeneyo mmene anaphunzira kutembenuza wodwala osamupweteka, kusinja nsinjiro zosalala zothira m'phala, ndi kuimba motsitsa mawu mpaka wodwala atapeza tulo. Kuwerenga anakuphunzira atakula kale, ku sukulu ya kwacha, chifukwa ankafuna kumadziwerengera okha Mawu a Mulungu.

Anamanga banja ndi a Timoteyo ndipo anakhazikika pa Kamwendo. Mulungu anawapatsa ana, ena n'kuwatenganso akadali makanda. A Timoteyo atamwalira, mayiwa anatsala ndi munda, ana, ndi lichero la mtedza wokazinga umene ankagulitsa m'mbali mwa msewu kwa madalaivala a mathiraki opita ku boda. Sanamvekepo akudandaula. Mwana wawo wotsiriza, Yoram, anakulira pafupi ndi lichero limenelo, ndipo atakula nayenso anakhala dalaivala wa thiraki, wowoloka kupita ku Zambia pafupipafupi.

Mu mphakati wathu, kagulu ka akhristu oyandikana nyumba, ntchito yawo inali yoyendera odwala. Palibe anawasankha, anangopezeka akuigwira. M'mawa uliwonse ankaphika phala la mgaiwa lotendera, n'kuliika m'kambale kovundikira, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kumene amva kuti kuli wodwala. Ankakonda kunena kuti, "Wodwala samufunsa kuti amapemphera kuti. Amamufunsa ngati wadya."

Kenako kunabwera mliri wa Kovidi. Ku Misa tinkakhala motalikirana, pakamwa titabisa. A Eneya, mnzathu wa mu mphakati, anamwalirira kuchipatala ndipo anaikidwa mofulumira ndi anthu ovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Mayi Consolata, amene anali atakhalapo pambali pa odwala ambirimbiri mpaka kuwatseka maso, tsiku limenelo anaonerera ali chapatali. Atafika kunyumba anati, "Matenda ena onse amandilola kukhala pambali pa munthu. Awa okha akundithamangitsa."

Tsiku lina atapita kuchipatala kukalandira mankhwala awo a kuthamanga kwa magazi, nesi wina dzina lake Molly anauza anthu amene anali pamzere kuti madokotala ena ochita kafukufuku akufuna anthu odzipereka, achikulire omwe, oti ayesere katemera watsopano. Ambiri anangoyang'ana kumbali. Mayi Consolata anatsalira kuti amve bwino. Molly sanawabisire kanthu. Anati ena adzabayidwa katemera weniweni, ena madzi a mchere chabe, ndipo palibe adzadziwe kuti walandira chiti, ngakhale wobayayo, kufikira nthawi yake itakwana. Potero madokotala adzafananitsa magulu awiriwo n'kuona ngati katemerayo akuteteza. Anawauzanso kuti azidzatengedwa magazi pang'ono nthawi ndi nthawi, kuti mwina pangakhale zovuta zina zosadziwika, ndi kuti ali ndi ufulu wokana.

"Ndiye ngati munda wachitsanzo uja wa alangizi?" anafunsa Mayi Consolata. "Mbali ina mbewu yatsopano, mbali ina yakale, odutsa n'kumadzionera okha?"

"Mwamva bwino, amayi."

"Ndilembeni, mwana wanga."

Yoram atamva nkhaniyi anaimba foni ali ku Chipata. "Amayi, mwakula inu. Zimenezo asiyireni achinyamata."

"Achinyamata ali ndi ana oyamwa. Mkono wangawu walima mokwanira, ukagwireko ntchito ina."

"Nanga zikakuvutani?"

"Nanga iwe ukamawoloka bodayo, onse amene amakupumira kumaso umawadziwa? Ndikupitira iweyo, Yoram. Undipempherere basi."

Galimoto inabwera kudzawatenga kupita nawo ku Lilongwe, ndipo anabwerako madzulo atabayidwa. Mkono unatupa pang'ono n'kuphwa. Koma mphekesera ndiye sizinaphwe. Ena ankati mayiwa akugulitsa magazi. Ena ankati aikidwa kachitsulo m'thupi. Ena ankati aliyense wodya chakudya cha m'manja mwawo atengera imfa. Iwo anayesa kufotokoza kuti mwinanso anangobayidwa madzi, koma mnzawo wa pamtima, Mayi Stelia, amene anaimba nawo kwaya kuyambira ali atsikana, anawadula mawu. "Anzanga, musatipusitse. Galimoto ingawotche mafuta mpaka ku Lilongwe kukakubayani madzi? Madzi asowa pa mjigo?"

Zitseko zinayamba kutsekeka. Uwu ndiwo unali mtanda wolemera kwa iwo, kuposa umasiye, chifukwa ntchito imene Mulungu anawapatsa inali yolowa m'nyumba za anthu. Mayi Stelia atagona ndi matenda awo a shuga, Mayi Consolata anawapititsira phala, koma mnzawoyo anangoyankhulira pa windo. "Siyani pakhondepo, anzanga. Ndimwa kukazizira." Mawa lake Mayi Consolata anapeza nkhuku zikujompha phala lija kuseri kwa nyumba. Anatola kambale kawo, n'kukatsuka, m'mawa mwake n'kubweretsanso lina. Anachita zimenezi kufikira mnzawoyo atadzuka. Pambuyo pake ankaseka, amvekere, "Chaka chimenecho nkhuku za a Stelia zinanenepa kuposa za aliyense pa Kamwendo."

Anyamata a kabaza pa siteji nawonso sanawasiye. Jonasi, amene ankawanyamula kawirikawiri, ankakuwa akawaona. "Agogo, taimani pomwepo ndiimbe foni. Akuti pamkono panupo netiweki ikugwira bwino."

"Imba, mwanawe," ankayankha iwo, "koma uimbire amayi ako. Akuti ku tchalitchi anakuona komaliza tsiku la ubatizo wako."

Ife alimi sitikhulupirira mbewu tisanaione m'munda mwa mnzathu. Choncho anthu anagwirizana okha, popanda msonkhano, kuti adikire. Ankati wobayidwa sangafike nyengo ya chimanga chachiwisi. "Akadya mondokwa chaka chino, ndiye kuti mankhwalawo ndi abwino." Mvula inagwa, chimanga chinamera, chinamasula ngaiyaye, ndipo maso onse anali pa Mayi Consolata. Akatsokomola kamodzi ku Misa, mzere wonse unkatembenuka.

Lamulungu lina anabwera atasenza beseni la mondokwa wophika wa m'munda mwawo. Misa itatha anakhala pa masitepe a tchalitchi, anatsitsa masiki, anachita chizindikiro cha mtanda, n'kuyamba kudya. Mano anali atatsala ochepa, ndiye ntchitoyo inatenga nthawi. Mpingo wonse unaima phee, kuonerera.

"Mukuyang'ana chiyani?" anatero. "Simunaonepo nkhalamba ikulimbana ndi chitsononkho? Tengani, chikuzizira."

Woyamba kusendera anali Mayi Stelia. Koma asanatenge chimanga anatulutsa supuni m'chikwama, n'kuiika pamkono pa mnzawo kuti aone ngati imatirire pa kachitsulo kaja. Supuni inagwa pansi n'kulira pa simenti. Anthu anaseka mpaka misozi, ndipo beseni linatha nthawi yomweyo.

Katemera wa anthu onse atafika pachipatala chathu, a mu mphakati anapita pamodzi, Mayi Stelia ali patsogolo. Amantha ankayamba adutsa kwa Mayi Consolata kukafunsa ngati zimawawa. Iwo ankawalimbitsa mtima. "Wanga unatupa ndithu, n'chifukwa chake ndikudziwa kuti unali weniweni. Koma si ine ndili pano?" Zitseko zinatsegukanso, ndipo kambale kaja kanayambanso kubwerera kopanda kanthu.

Nyengo yofukula mtedza itafika, Molly anawaitana. Nthawi inali itakwana yoti aliyense wa m'kafukufuku auzidwe chimene analandira.

"Amayi, inu munali m'gulu la madzi."

"Madzi? Nanga kutupa kuja?"

"Singano ndi singano, amayi. Koma musaone ngati munapita pachabe. Popanda gulu lanu sitikanadziwa chilichonse. Tsopano mubwere tidzakubayeni weniweni."

Mayi Consolata anaseka kwambiri, koma ali m'njira chimwemwe chija chinazilala. Anakhotera kwa a Zakeyu, a katekisiti athu, n'kuwafotokozera zonse. A Zakeyu anawalangiza motere.

"Amayi, mungopita mwakachetechete mukabayitse. Anthu angoyamba kumene kukulandiraninso. Akamva kuti anatsatira munthu wa madzi, adzati munawapusitsa, ndipo ulendo uno zitseko sizidzatsegukanso."

"Aphunzitsi, ndinawauza ndi pakamwa panga kuti unali weniweni."

"Silinali bodza. Simunkadziwa."

"Dzulo sindinkadziwa. Lero ndikudziwa. Ndikalowa bwanji m'nyumba mwa wodwala kukamupempherera ndili ndi chinthu chimene ndabisa kunsi kwa mphasa?"

Lachitatu masana mphakati unakumana pabwalo pa Mayi Tabeth. Mapemphero atatha, Mayi Consolata anaimirira, manja atagwira chitenje. Ananena zonse monga anauzidwira. Anati amene akuona kuti anapusitsidwa awakhululukire, chifukwa anayankhula motsimikiza chinthu chimene sankachidziwa.

Nkhope zina zinayamba kuuma. Jonasi, amene masiku amenewo anali atayambanso kupemphera, anang'ung'udza kumbuyo. "Ndiye mondokwa uja tinangoonerera ulere?"

Pamenepo Mayi Stelia anadzuka pang'onopang'ono, akutsamira ndodo yawo.

"Tandiuzani bwino, anzanga. Ndiye kuti ine Stelia, amene ndimatseka maso akamabaya mbuzi, ndinalandira weniweni inu musanalandire?"

"Ndi momwemo, anzanga."

"Ndiye kuti miyezi yonseyi mwakhala mukulowa m'nyumba za odwala opanda chokutetezani?"

"Zikuoneka choncho."

Mayi Stelia anatembenukira gulu. "Ndiye mwakwiyira chiyani? Tonse tili panofe tinabayidwa weniweni. Wafa ndani? Munda wachitsanzo tsopano ndi ife. Wotsalira ndi mmodzi yekha, ndi uyu wamantha uyu."

Bwalo lonse linaphulika ndi phwete. Amayi anaimba nthungululu, ndipo a Zakeyu, akupukuta magalasi awo, anavomera pamaso pa onse kuti malangizo awo anali operewera. Anatikumbutsa za ukwati wa ku Kana, kumene antchito sanathire china chilichonse m'mitsuko koma madzi, ndipo chotsalacho anachita ndi Ambuye.

M'mawa mwake anthu a pa Kamwendo anaona zachilendo. Mzere wa makabaza unadutsa pamsika, Jonasi ali patsogolo atanyamula Mayi Consolata, amayi a mu mphakati akuimba nyimbo zachiyamiko m'mbuyo. Madalaivala a mathiraki amene anaima pamsewu ankaliza mahutala, poganiza kuti ndi ukwati. Yoram, amene anali atafika dzulo lake, ankayenda pambali akungopukusa mutu. Pachipatala, Molly akukonza jakisoni, Mayi Stelia anagwira dzanja la mnzawo n'kumati, "Musaope, mwana wanga, imangoluma ngati nyerere. Funsani ife akuluakulu."

Mliri unadutsa. Mayi Consolata anapitiriza kuyendera odwala kwa zaka zina zingapo, ndipo panalibenso khomo limene anaima panja. Miyendo itayamba kukana, odwala amene anali ndi mphamvu pang'ono ankabwera okha kudzakhala nawo pakhonde kuti awaimbire. Chaka chatha, mvula yoyamba itagwa, mtima wawo unafooka. Bambo mfumu anabwera kudzawadzoza ndi kuwapatsa Ukaristiya, ndipo iwo anayankha mapemphero onse ndi mawu omveka.

Linali Loweruka m'mawa, dzuwa litangoyamba kuwala pa windo. M'nyumba munali modzaza, ena atakhala mpaka pabwalo, akuimba motsitsa mawu monga iwo anatiphunzitsira. Yoram anali kumiyendo. Mayi Stelia anawerama pafupi ndi khutu lawo.

"Anzanga, mwayambanso kutitsogolera osatiuza?"

Mayi Consolata anatsegula maso n'kumwetulira. "Ulendo uno ndikudziwa chimene ndikukalandira," anatero. Anatsekanso maso, ndipo nyimbo isanathe anali atapita.

Anatisiyira zinthu ziwiri zimene ambirife zimativuta. Anavomera kupita patsogolo asakudziwa chimene apatsidwe, ndipo choonadi chitafika anachinena, ngakhale chikanatha kuwalanda ntchito imene ankaikonda kuposa zonse. Ambuye amene anawatumikira mwa odwala awalandire m'nyumba mwake, ndipo ife otsala atipatseko kachigawo ka mtima umenewo.