Tiyi wa Pakhoma

Ndinanyamuka ku Khonjeni 6 koloko m'mawa, chiperoni chikuwaza, mtima uli m'mwamba. Dzulo lake alamu anga, amene ankadikirira amayi kuchipatala cha mishoni, anali ataimba foni kuti amayi awasamutsira m'chipinda china, chojambulidwa maluwa kukhoma. Kwathu maluwa timawaonera pa nkhata za kumanda. Amayi anali atagona milungu iwiri ndi sitiroko, dzanja lamanja litauma gwa, ndiye ine ndinangoti madokotala awataya koma akutibisa. Ndinatsimikiza zokawatenga kuti akatsirizikire pakhomo pawo.

Wa kabaza anati K3,000 mpaka paboma. Nditadandaula anangoti, "Mafuta, mayi." Ndili kumbuyo kwake ndinamufotokozera za chipindacho, iye nkuthira mafuta pamoto.

"Zimenezo n'za mabungwe," anakuwa mphepo ikumumeza mawu. "Amapenta khoma kuti alendo akabwera aziti kuno kuli bwino. Penti anachizapo ndani?"

Paboma ndinafika 8 koloko itadutsa. Kondakitala analumbira kuti minibasi yatsala munthu mmodzi. Nditangolipira K2,500, anthu anayi anatsika mmodzimmodzi, kumeneko kunali kungotikopa. Tinadikira ola lathunthu. Ndinagula chimanga chootcha koma ndinangochiika m'chikwama.

Pambali panga panakhala bambo wina wa Sabata, Baibulo pamwendo. Atamva nkhani yanga anati, "Musaope, chemwali. Wodwala akamaona mitengo ndi mapiri mtima umakhala m'malo." Ndinawayang'ana nsapato, zopolishidwa bwino, ndipo ndinaganiza kuti amagwira ntchito kuchipatala konko, akuteteza malipiro awo. Ndinatembenukira kuwindo. Minda ya tiyi inali yoyalidwa mpaka kumapiri, azimayi madengu kumsana akuthyola masamba. Amayi anakalambira m'mizere yomweyo, ndipo chisoni chinandigwira.

Itakwana 11 koloko ndinali pachipata cha chipatala. Namwino wa kalankhulidwe kakumpoto anandilandira ndi nsangala yomwe sindinaikhulupirire.

"Mwawaikiranji amayi anga m'chipinda cha maluwa?" ndinafunsa osapereka n'moni yemwe.

"Lowani muone kaye," anatero. "Koma konzekani, akukalipa."

Khoma lonse linali munda wa tiyi, phiri kumbuyo kwake, mbalame ziwiri m'mwamba. Mayi amene anajambula, namwino anati, ndi wa ku Lilongwe, ndipo pofuna kukongoletsa anawaza maluwa oyera pamwamba pa tchire lililonse, nsonga zake zitalitali. Amayi anali atakhala tsonga pabedi, pilo kumsana, nkhope ili gwaa kukhomako.

"Wabwera? Taona manyazi awa," anatero, lilime likulemerabe koma mawu akumveka. "Tiyi mpaka kuchita maluwa! Kapitawo wake ali kuti? Munda uwu sanauthyole miyezi ingati?"

Alamu anandinong'oneza kuti chiwasamutsire akungolimbana ndi khomalo. Usiku woyamba anati awatembenuze asaone ulesi wotere, m'mawa mwake nkuti awayandikize. Phala lomwe ankalikana anamwa kuti apeze mphamvu zokalipira. Namwino anaulula kuti anawasamutsa dala atamva ntchito yomwe ankagwira, ngakhale iye ankayembekeza kuti asangalala.

"Amayi, ndabwera kudzakutengani," ndinayamba.

Sanandimve. "Masamba awiri ndi kansonga, basi. Chonchi."

Ndiye dzanja lija, lamanja, linadzuka pabulangete. Linanjenjemera, linakwera pang'ono, chala chachikulu nkukumana ndi chinzake pa khoma lozizira, tswa! Anathyola tsamba la penti nkuliponya kumsana, kumene dengu linkakhala. Alamu anagwira pakamwa. Ine ndinakhala pansi pa simenti nkulira ngati mwana, manyazi ndi chimwemwe pamodzi.

Ndinabwerera ndekha ndi minibasi ya 3 koloko. Mpaka lero sindinganene kuti chinadzutsa dzanjalo ndi mankhwala, mapemphero kapena mkwiyo, ndipo anthu a zipatala ndimawakayikirabe pang'ono. Chimene ndinaona n'choti wodwala amafuna chinthu chake choti aziyang'ana, ngakhale chikhale cholakwika. Potsanzikana ndinawafunsa amayi tsiku loti ndidzawatenge.

"Pita iwe," anatero osandicheukira. "Ndatsala ndi mizere itatu."