Kalata ya dokotala ndi nyumba ya ku Kawale

Tinanyamuka ku Area 25 Lachinayi 6 koloko m'mawa, ine ndi amuna anga, abambo a Limbani. M'chikwama munali buku lawo lakuchipatala, botolo la thobwa ndi Malemba. Loweruka akulu a mpingo ankayenera kukhalira pansi nkhani ya abambowa. Munthu amene watumikira Ambuye zaka makumi atatu anapezeka ku Kawale m'nyumba ya mayi wamasiye, atavula nsapato, akuitanitsa madzi osamba.

Kuiwala kwawo ndinkakudziwa. Makiyi ndinawapezapo m'ndowa ya ufa, ndipo dzina la mdzukulu limawathawa. Koma kuiwala kungamukweze munthu minibasi ziwiri? Ndinkafuna kalata ya dokotala kuti asawaimitse pa Mgonero. Mumtima ndinalinso ndi funso langa limene ndinkachita nalo manyazi ngakhale m'pemphero.

Pa siteji kondakitala anatikankhira mpando wakumbuyo, K2,000 aliyense.

"Madala, sunthani pang'ono, anayi anayi!"

"Zikomo, aphunzitsi," anayankha abambo mwaulemu.

"Mwamva? Andikweza pantchito lero!" Minibasi yonse inaseka, kupatula ine. Pa Kanengo fungo la fodya litalowa pawindo, abambo anadzuka kuti atsike, ati achedwa kuntchito. Ntchitoyo anapuma zaka khumi zapitazo. Ndinawagwira jekete mpaka m'tauni.

Kuchipatala tinafika 8 koloko, tinalowa kwa dokotala 11 itadutsa, titadya mandasi pamzere. Dokotalayo anali mayi wachitsikana. Anawapatsa abambo mawu atatu oti asunge: nkhuku, mpando, mchere. Atawafunsanso patapita kanthawi, abambo anamwetulira n'kunena kuti, "Titseke ndi pemphero."

Kenako dokotala anatenga pepala n'kujambula timizere tangati mizu. Anati mu ubongo muli timaselo tambirimbiri totumizirana mauthenga, ndipo ubongo umadzipangira timankhwala tothandiza pa ntchitoyi, ena mwa iwo dzina lawo manyuropeputayidi. Ndinawapempha kuti abwereze katatu.

"Ena amatuluka munthu akachita mantha," anatero, "ena akakhala ndi amene amamukonda, ena amayang'anira tulo. Pena amathandizana, pena amalimbana, ndipo amatengako mbali posankha zimene ubongo usunge."

"Ngati kwaya, adokotala? Wa besi akajomba nyimbo imasokonekera?"

"Pang'ono choncho, amayi."

"Ndiye a abambowa ajomba angati?"

Anaseka. "Kuno sitingawayeze. Pa matenda oiwala maselo amawonongeka, ena mwa manyuropeputayidiwo amachepa, koma ngakhale ofufuza sanamvetse zonse."

Mutu wanga unazungulira. Ndinabwera kudzamva ngati ndi tchimo kapena matenda, ndipo ndikuuzidwa kuti mantha ndi chikondi zili ndi timadzi take. Nanga mzimu umene Mulungu anauzira mwa munthu umakhala pati? Nanga timadzito tikaphwa, munthu amayankha mlandu wa chiyani? Ndinangoti Ambuye, Inu munaumba mutuwu, ine sindikumva kanthu.

Polemba kalata dokotala anawonjeza kuti zatsopano ndi zimene zimayamba kufufutika, koma zakale zimene zinalowa ndi chimwemwe chachikulu zimachedwa kuchoka. Nditawauza za nkhani ya ku Kawale, anafunsa kuti, "Ku Kawaleko anakhalako?"

"Tinakhalako tonse, titangokwatirana."

Mawu amenewo ananditsatira mpaka kudepoti. Nthawi ili 1 koloko, m'malo mokwera ya ku 25, ndinawakokera abambo m'minibasi ya ku Kawale. Sindinkadziwa chimene ndikukafuna. Nyumba ya wamasiyeyo sindinafunsepo kuti ili pati, chifukwa cha mkwiyo.

Titatsika ndinati, "Abambo a Limbani, tsogolani."

Munthu amene amasochera popita kubafa kwathu anayenda ngati wachoka dzulo. Ine ndiye ndinasochera. Pamene panali bwalo pali mipanda ya njerwa, pamene panali mjigo pali saluni. Iwo anakhota pa chigayo, analumpha ngalande, n'kuima pa geti la malata. Pamwamba pa mpanda panasuzumira mtengo wa mapeyala. Mtengowo ndinadzala ndine, ndili ndi pakati pa Limbani.

Mwini nyumba, wamasiye uja, anatuluka akumanga chitenje. "Iii, abweranso?"

"Pepani amayi, ndine mkazi wawo. Tsiku lija ananena chiyani?"

"Palibe choipa, mayi. Amangoti, 'Esinati wapita kuti? Mumuuze ndaweruka.' Ndinawauza anthu, koma aliyense anamva zake. Kodi Esinatiyo ndani?"

"Ndine."

Ku 25 dzina limenelo palibe amene amalidziwa. Ngakhale ine ndinali nditaliiwala.

Tinakwera yobwerera dzuwa litapendeka, kalata ili pakati pa Malemba. Za manyuropeputayidi sindikudziwa ndikawafotokozera bwanji akulu a mpingo, poti inenso zikundizungulirabe. Kalatayo ndikapereka Loweruka, koma woyamba kulapa ndine: milungu iwiri ndinawaweruza mumtima amuna anga, pamene iwo ankabwera kwa ine.

Tikuyandikira Kanengo anandiyang'ana mwaulemu ngati mlendo.

"Amayi, inu mukutsikira pati?"

"Pomwe mutsikire inu," ndinatero.