Tsiku limene nyanja inatilanda malo

Nkhondo ya ku Mozambiki itatha, abambo anabwereka kapikapu kwa alamu awo a ku Nguludi kuti tikaone nyanja yamchere ya dziko la makolo athu. Tinatulukira pa Muloza, ife ana tili kumbuyo, titakhalira lona ndi thumba la nandolo. Kenaka msewu unayamba kulambalala gombe, uku mitengo ya kokonati, uku madzi opanda tsidya.

Tinaima masana, madzi ali kutali. Abambo anasankha mchenga wosalala, nazika mitengo, n'kukungapo lona lija kuti tigonemo. Msodzi wina anawachenjeza, m'chinenero chonga Chilomwe chathu, kuti madzi abwera. Iwo anangoyang'ana kumwamba, kopanda ndi kamtambo komwe. Kwathu ku Chiradzulu madzi sasefukira mvula isanagwe.

Amayi asanaphule nandolo, nyanja inali itazimitsa moto, itatenganso mapatapata anga atsopano. Ndinalira mpaka kusasa mawu, ndipo nyanja imeneyo sindinaikhululukire mpaka lero.

Abambo anaima m'madzi olekeza m'mawondo, akuseka chikhakhali. "Agogo anu anachita bwino kuthawira kuphiri!"

Abambowo anatisiya kalekale. Nyanjayo itandibwezera kuseka kuja, mapatapatawo ikhale nawo.